Bedi Lapansi la a Dabulini

A Benedikito Mbewe, amene ife a ku kampu ya Al Quoz ku Dubai tinkawatcha a Dabulini, anatisiya mwezi wathawu, dzuwa la Ogasiti lili pachimake. Anagwa pageti la nyumba yosungiramo katundu imene ankalondera, ali m'yunifolomu, ndipo pofika nawo kuchipatala n'kuti atatha kale. Thupi lawo tinakaliperekeza kubwalo la ndege, ulendo wa kwawo ku Dedza. Pasipoti yawo inkawachepetsera zaka, monga amachitira mapasipoti a anthu osaka ntchito, koma mawondo awo sankanama. Anali munthu wopitirira zaka makumi asanu ndi limodzi.

Ndinagona nawo chipinda chimodzi kuyambira 2001. M'chipindamo tinalimo anthu asanu ndi atatu a kampani imodzi ya alonda, Amalawi ndi mnzathu Mwale wa ku Chipata. Mabedi ake ndi achitsulo, osanjikiza awiriawiri. Amene sanakhalepo m'kampu sangamvetse kuti bedi lapansi ndi chuma. Lapansi umakhalapo ngati mpando, umatchingira chitenje n'kukhala ndi kachipinda kakokako, nsapato umalowetsa kunsi. Lapamwamba umakwera ngati pusi pa timakwerero toluma mapazi, mphepo ya eyakoni imakuwomba m'khutu, ndipo ukadzuka mwadzidzidzi denga limakupatsa moni pachipumi. M'zipinda zonse za kampu, kaya za Amwenye kaya za Anepali, bedi lapansi ndi la wamkulu kapena la amene anayamba kufika.

Tsiku limene a Dabulini anafika ndi kachikwama kawo, Sitivini wa ku Ndirande, bambo wa ana awiri, wolongolola koma woleredwa bwino, anayamba kuyalula zofunda zake kuti awapatse lapansi.

"Mukundipatsa chifukwa chiyani?" anafunsa a Dabulini.

"Ndinu akuluakulu, madala. Simungamakwere m'mwamba ife tilipo."

"Ukuluwo ndinaugwirira ntchito yanji? Ine ndangochedwa kufa basi. Maola amene muziima inu ndi omwewo ndiziima ine. Msana wanu ndi wachitsulo?"

Tinaseka poganiza kuti ndi nthabwala za mlendo. Koma madalawo anakweradi pamwamba, akubuula pa sitepe iliyonse, ndipo sabata isanathe anali atatinyengerera kukhazikitsa lamulo lakuti mwezi ukatha wapansi azikwera, wapamwamba azitsika. Mnzawo wosinthana naye anakhala Che Amidu, dalaivala wa basi ya kampani, Myao wa ku Ntaja, Msilamu yekhayo m'chipinda chathu. Nayenso sanali mwana, msana unkamuvuta ndi chiwongolero.

Dzina la Dabulini, lomwe ndi la likulu la dziko la Ireland, linabwera chifukwa nkhani zawo zonse, ngakhale itayambira pa sopo wosowa kubafa, inkakathera ku Ireland. Ansembe anawatumiza kumeneko m'zaka za m'ma 1960 kukaphunzira unsembe. Pa tchuthi china anapita kumpoto kwa dzikolo kukathandiza kukumba mbatata pamunda wa nkhalamba ina ya mpingo wa Chipresibateriya. Tsiku lina nkhalambayo inasolola kudenga nsonga ya mkondo yochita dzimbiri, n'kuwauza kuti unali wa kholo lake, munthu wowomba nsalu amene anapachikidwa pamsika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Mlandu wake unali wopangana ndi Akatolika.

Nkhani imeneyi a Dabulini ankaifotokoza ngati anali pomwepo. Ankati owomba nsaluwo anali anthu wamba, koma ena akamawomba, mmodzi ankawawerengera mokweza timabuku tochokera ku France ndi ku America, ndipo ankasiya ntchito n'kuyamba kutsutsana. Kodi mfumu ufumu wake anautenga kuti ngati si kwa anthu? Bwanji mlimi azipereka chakhumi ku mpingo umene sapempherako? Bwanji Mkatolika aletsedwe kulowa m'nyumba ya malamulo m'dziko lobadwira? Atafunsana choncho anaona kuti wowalamulira akudya bwino chifukwa iwo akudana pa za mipingo. Analumbira kukwirira maina a mipingoyo n'kumadziwika ndi dzina limodzi la dziko lawo. Anadzuka ndi mikondo kukakumana ndi mfuti, ndipo chilimwe chimodzi chisanathe anali ataphwanyidwa. Akazitape anali pakati pawo pomwe, akumwa nawo mowa. Kumadera ena anthu anaiwala lumbiro n'kuyambanso kuphana potengera tchalitchi. Mbali imeneyi a Dabulini sankaibisa, koma akafikapo mawu ankatsika.

Unsembe unathera pamkondo umenewo. Anabwerera ku Malawi wopanda kolala ya unsembe, ndipo kutchalitchi sankapita, ngakhale kolona ya mayi awo ankaisunga m'thumba la malaya. Ankati Mulungu anatipatsa nzeru ngati khasu, ndiye n'chipongwe kudzamubwezera likadali lonyezimira. Mwambi woti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto sankafuna kuumva. Ankati iwo anaona ndi maso awo akuluakulu amene moto unkayambira pa iwo. Aliyense ankamutcha nzika. Ine ndinali Nzika Phiri, Sitivini anali Nzika Sitivini, ndipo chipinda chathu chonunkha masokosi anachitcha ripabuliki.

M'ripabulikimo nkhani iliyonse inkagamulidwa ndi nyemba. Ankasunga nyemba zoyera ndi zofiira m'kachitini. Aliyense ankatenga ziwiri, n'kulowetsa chibakera m'chipewa cha ulonda, kusiyamo imodzi. Yoyera inali inde, yofiira ayi, ndipo kufunsa mnzako kuti waponya iti unali mlandu. Kunena zoona nthawi zina ankatitopetsa. Munthu waima padzuwa tsiku lonse, akufuna kungogona, madala akuyitanitsa nyemba kuti tisankhe amene azisesa. Akayamba kulankhula, ena ankadzifunditsa kumutu. Mwale ankawaseka kuti ripabuliki yawo imathera pachitseko, chifukwa kuntchito ankati "yes sir" kwa supavaiza wausinkhu wa mwana wawo monga tonsefe. A Dabulini sankakana. Ankangoti mwana wawo wamkazi womaliza watsala pang'ono kumaliza koleji.

Nyembazo zinawagonjetsapo eni ake. Lachisanu lililonse, tsiku lopuma, tinkadya limodzi titayala nyuzipepala pansi, mpunga ndi nkhuku m'thireyi imodzi, ndipo beseni losambira m'manja linkayambira kwa wamkulu monga kwathu. A Dabulini anati zimenezo n'zachifumu, beseni liziyambira kwa amene ali pafupi. Tinaponya nyemba, yoyera inapezeka imodzi yokha. Anagonjera. Kuyambira pamenepo ankasamba moyamba, akung'ung'udza kuti ufulu wawakakamiza kukhala mfumu.

Ndi Che Amidu ankakangana tsiku ndi tsiku. Wina ankati zonse zinalembedwa kale, wina n'kumati ngati zinalembedwa bwanji mumaponda buleki. Che Amidu ankati munthu amene anathawa unsembe alibe pakamwa pa za Mulungu, a Dabulini n'kumati amene analowa m'khitchini ndiye amadziwa zimene zili mumphika. Akatopa ankagawana tiyi wa mkaka m'kapu imodzi. Chaka chatha mkazi wa Che Amidu atamwalira, kampani inachedwa ndi mapepala mpaka maliro anaikidwa iye ali konkuno. Amene anakhala naye pansi masiku onsewo anali a Dabulini, ndipo kwa nthawi yoyamba tinawaona atatseka pakamwa.

Vuto linadza m'mwezi wa Ramadani chaka chomwecho. Mwezi umenewo unali wa Che Amidu wogona pamwamba. Ankatchera wotchi kuti adzuke kusanache kukadya daku, chakudya chimene Asilamu amadya asanayambe kusala. Wotchi ikalira, bedi linkayamba kulira nalo pamene iye akutsika, kenako nyali, kenako chitseko. Ife a shifiti ya masana tulo tinkadukira pamenepo. Sitivini anapezeka akuwodzera pageti la hotela ndipo anapatsidwa chenjezo. Chenjezo lachiwiri ndi tikiti yobwerera kumudzi. Mkwiyo wake unali womveka, ndipo ine sindimuweruza. Koma nkhani inachoka pa tulo n'kufika pa chipembedzo. Anthu anayamba kukumbutsana zandale zakumudzi, za amene akudya ndi amene akungoonerera, ndipo wina anafunsa kuti bwanji Che Amidu osapita kubuloko ya kutsidya kwa anzake opemphera nawo.

Lachiwiri madzulo Sitivini anatenga kachitini ka a Dabulini n'kukaika pakati. Anati tiponye nyemba ngati Che Amidu akhale kapena tikapemphe kampubosi, woyang'anira kampu, kuti amusamutse. Kubuloko ya kutsidya kunali anthu a ku Pakistan ndi ku Bangladesh. Che Amidu akanaima nawo mzere umodzi popemphera, koma sakanamvana nawo chinenero, ndipo kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kumene kuli Ntaja, woti angamutchulire dzina la malemu mkazi wake. Tonse tinkadziwanso kuti munthu amene anzake akamudandaulira, dzina lake limafika kuofesi, ndipo kontirakiti ya Che Amidu inali pafupi kutha.

A Dabulini analankhula nthawi yaitali, mwina yaitali mopyola. Anatibwerezera za owomba nsalu aja, kuti anagwa pamene anayambanso kufunsana za matchalitchi. Anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

"Mudala, manje ise sitili ku Ireland," anatero Mwale. "Tifuna chabe kugona. Yalla, tiponye."

Atakhuthula chipewa, zofiira zoti Che Amidu asamuke zinachuluka. Musandifunse imene ndinaponya ine, lamulo lija ndimalisungabe. Che Amidu anangoyamba kupinda zovala zake. Kampubosi ankamva madandaulo Loweruka lokha, choncho panatsala masiku ochepa.

"Nyemba zalankhula, sindizitsutsa," anatero a Dabulini. "Koma pali zinthu zimene nyemba sizingamulande munthu. Zimenezo ndinalephera kukuphunzitsani."

Anatenga chigubu cha penti, kuchivundikira pakhomo la chipinda, n'kukhalapo. Anatiuza kuti anthu a ku Ireland anali ndi mwambo wakale, wakale kuposa timabuku tija, woti munthu wopanda mphamvu akalakwiridwa amakakhala pakhomo la womulakwira osadya kanthu, mpaka mwini khomo manyazi amugwire. Madalawa anali ndi matenda a shuga, ndipo tonse tinkadziwa.

M'mawa anakwera basi monga masiku onse, kukaima pageti ndi madzi okha m'mimba, ndipo madzulo anabwerera pachigubu chawo. Mwale anati munthu wa nzeru zonse zija wayamba kunyanyala ngati mwana womanidwa chiwindi. Amene anakwiya kwambiri anali Che Amidu. Dzuwa litalowa anabwera ndi zipatso za tende m'manja.

"Achimwene, kusala kwanuku n'kwa chipembedzo chiti? Masana mukumwa madzi, dzuwa likalowa simukudya. Zimenezo Mulungu sakulemba."

"Sindikusalira Mulungu, Che Amidu. Ndikusalira Nzika Sitivini."

"Khalas, basi zatha, ndisamuka ndekha usiku uno. Inu mudye."

"Mukasamuka ndiye ndisala mpaka Khirisimasi."

Sitivini ankadutsa pakhomopo atayang'ana kumbali. Lachinayi madzulo manja a madala anali atayamba kunjenjemera ndipo milomo inali itatuwa. Ine ndinkachita mantha, ndipo ndinkawakwiyira, chifukwa ndinkaona kuti atifera m'manja pa nkhani ya wotchi.

Lachisanu masana tinayala nyuzipepala monga mwa nthawi zonse. Che Amidu anali kumzikiti. Mwale ananyamula beseni kupita nalo pakhomo, a Dabulini anapukusa mutu. Beseni linabwerera n'kukhala pakati pathu. Panalibe amene anaviikamo dzanja. Tinkadya patokha masiku ena onsewo, aliyense pabedi lake, koma thireyi ya Lachisanu kuiyamba wamkulu ali pakhomo ndi njala zinatikanika. Mpunga unazizira tikuuyang'ana. Kenako Sitivini anadzuka, anapakula m'mbale, anapita pakhomo n'kugwada mawondo onse awiri pasimenti.

"Dzukani, nzika. Munthu sagwadira munthu mnzake."

"Sindidzuka, madala, mpaka mudye. Ine anandilera ndi agogo anga. Akamva kuti ndinapha munthu wamkulu ndi njala ku Dubai, ndikalowera khomo liti? Che Amidu akhale. Nkhani yatha."

"Mukugonjera imvi zangazi kapena mwaona kuti munalakwa?"

Sitivini anayankha akadali chogwada, "Imvi, madala. Tulo ndikadafunabe, ndipo ntchito yanga ikadali pachiswe. Koma idyani."

A Dabulini anamuyang'ana nthawi yaitali. Anati sangadye chifukwa cha mawu a munthu mmodzi, zimene nyemba zinamanga zimasulidwe ndi nyemba. Tinadikira Che Amidu, ndipo ndi Sitivini yemweyo amene ananena zimene tikanayenera kuona poyamba pomwe tikanapanda kupsa mtima. Anati Che Amidu atsike agone lapansi, pafupi ndi chitseko, mpaka kusala kuthe. Wotchi aziika pansi pa pilo, azituluka ndi tochi, daku azikadyera kukhitchini. Zimenezi zinkatanthauza kuti a Dabulini akwere pamwamba mwezi umene unali wawo wogona lapansi. Madala anayamba kudandaula kuti lamulo losinthana likuphwanyidwa, kenako anadzimva okha n'kuseka.

M'chipewa munatuluka zoyera, yofiira imodzi yokha. A Dabulini anainyamula yofiirayo m'mwamba mosangalala, n'kunena kuti ripabuliki ikadali moyo, mukadali munthu mmodzi amene imvi sizimuopsa. Atatero anasamba m'manja. Usiku wake tinachita kuwakankha kumbuyo kuti afike pamwamba. Che Amidu ali pansi anati, "Mwezi wanuwu ndidzakubwezerani, achimwene, inshallah."

M'mawa mwake m'basi ndinakhala nawo mpando umodzi, ndipo ndinawayamikira kuti apambana. Iwo anati ayi, apambana ngati mfumu. Anati zaka zonsezi akhala akutiuza kuti mfundo iziima payokha, koma itafika nthawi yoti iime, anachita kuichirikiza ndi ukalamba wawo, chinthu chomwe ankatiletsa kulemekeza. Ndi tsiku limenelo pamene anandiuza zimene sankakamba m'chipinda. Atabwerera kuchokera ku Ireland anaphunzitsa mbiri pasukulu ina ya sekondale m'nthawi ya chipani chimodzi. Anafotokozera ana za owomba nsalu aja, mwana wina anakanena, ndipo iwo anakhala m'ndende zaka zingapo popanda mlandu kuzengedwa. Ufulu wa zipani zambiri utabwera, mipando inapita kwa odziwa kufuula, iwo n'kutsala akusaka ulonda. Anati m'ndendemo amene ankawagawira bulangete anali Msilamu wa ku Mangochi, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Ndinawafunsa ngati akanasaladi mpaka kufa. Anati sakudziwa, koma njala inawapweteka kwambiri, ndipo fungo la nkhuku lija linatsala pang'ono kugwetsa ripabuliki.

Kontirakiti ya Che Amidu inawonjezeredwa, ndipo Sitivini sanawodzerenso pageti. Mwezi uja Che Amidu anayesa kangapo kuubweza, koma a Dabulini ankakana, amvekere lamulo lisasokonezeke kawiri, tidzaona mtsogolo. Ogasiti unali mwezi wawo wa pamwamba. M'mawa wa tsiku limene anagwa anatsika timakwerero tija akubuula monga mwa masiku onse, akukangana ndi Che Amidu ngati kutentha kwa kuno kunalembedwa kapena ayi.

Ndimawasowa. Ndimasowa ngakhale zolankhula zawo zotalika zija, zimene ndinkazithawa podzifunditsa kumutu.

Mwezi utatha tinasinthana mabedi monga mwa lamulo. Tonse tinkaganiza kuti Che Amidu angokhala lapansi pomwe anali, poti pamwamba panalibe woti atsike. Koma tinangoona akupinda zofunda zake n'kuziponya m'mwamba.

"Che Amidu, msana wanuwo," anatero Sitivini. "Pansipa palibe munthu."

"Seputembala ndi wa a Dabulini. Okutobala ndi uja ndinawalonjeza."

"Nanga kampani ikabweretsa munthu wina?"

"Tidzaponya nyemba."

Ndikudziwa zimene eni ake akananena. Akanati zimenezi n'zopanda nzeru, wakufa alibe msana, ndipo akanatilalikira mpaka tonse titafunda kumutu. Koma palibe amene wayitanitsa nyemba pa nkhaniyi. Bedi lapansi pafupi ndi chitseko lili ndi matiresi okha, opanda nsalu. Pamutu pake pali chipewa cha ulonda ndi kachitini kaja. M'chipinda chothina chonchi, momwe munthu amasowa pomangira nsapato, palibe amene amakhalapo. Madzulo Che Amidu akamaliza kupemphera amagwira timakwerero, amapuma kaye, n'kuyamba kukwera, chitsulo chikulira pa sitepe iliyonse.